Dzino likamawawa koma bowo silikuoneka, musathamangire kuzula

"Adokotala, ingolizulani ndipume." Sabata siitha osamva mawu amenewa, ndipo anditopetsa. Munthu wachokera ku Ngabu, ku Bangula, kapena wachita kuwoloka Shire, usiku wonse sanagone, ndiye akuloza dzino limodzi ndi chala kuti ndi ili. Ndikayang'ana ndimapeza dzino labwinobwino, lopanda bowo, losagwedera. Ndikanena kuti lero sitizula, nkhope imagwa, ena mpaka amayesa kuti ndikufuna kangachepe. Ayi ndithu. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32 basi, ndipo lozulidwa silimeranso.

Ululu umanama malo. Dzino likhoza kukhala ndi mng'alu waung'ono woti maso sangauone, nthawi zina ngakhale X-ray siuonetsa. Kuno timatafuna nzimbe za ku Nchalo ndi chimanga chokazinga, achinyamata amatsegula mabotolo ndi mano, ndiye ming'alu yotere si yachilendo. Chizindikiro chake n'chakuti limalasa mukaluma chinthu, makamaka pamene mukusiya kuluma. Kuwola kumathanso kubisala pakati pa mano awiri. Dzino lakumapeto, limene limatuluka pakati pa zaka 17 ndi 25, limatha kukanirira m'kati n'kumavutitsa linzake. Ngati zitsakano zam'mwamba zikuwawa zonse pamodzi, mphuno zatsekeka, ndipo ululu ukukula mukawerama polima kudimba, vuto lingakhale m'mphako za m'masaya osati m'mano. Palinso okukuta mano ali m'tulo, amene amadzuka nsagwada zitalema.

Koma amene sandichoka m'mutu ndi mayi wina wachikulire amene anabwera ndi mwana wake wamkazi. Mbali yakumanja pansi panalibe mano anayi. Onsewo anawazula munthu wina wapamsika, limodzilimodzi, ndipo ulendo uliwonse ankawauza kuti lotsatiralo ndiye lenileni. Mayiwo ankalankhula atagwira tsaya ndi nsonga ya chitenje, milomo osaitsegula kwenikweni. Nditafunsa mmene ululuwo umabwerera anati, "Mwanangu, umang'anima ngati mphezi, kenaka zii." Ukabwera sutha mphindi ziwiri. Umayamba akamasamba kumaso, akamatafuna, ngakhale kamphepo kakangowomba patsaya. Anali atasiya kutsuka mbali imeneyo, nsima ankaiopa, thupi linali litatha.

Amenewa sanali matenda a mano. Unali mtsempha wa kumaso umene umatumiza ululu popanda bala lililonse, matenda amene madokotala amawatchula kuti trigeminal neuralgia. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50, ndipo panado kapena bufeni sachita kanthu. Pali mankhwala ake, monga carbamazepine, amene amaperekedwa ndi dokotala yekha, ndipo dokotalayo amayenera kumamuona wodwalayo pafupipafupi. Tinawatumiza kwa madokotala, ululu unachepa, anayambanso kudya. Koma mano anayi aja, amene analibe mlandu, anapita. Chimandiwawa n'chakuti funso limodzi lokha, lakuti ululuwo umabwera bwanji, likanawapulumutsa.

Tsono mukabwera, tiuzeni zonse. Ukuyamba ndi madzi ozizira kapena tiyi wotentha? Ukukudzutsani usiku? Tikanena kuti tijambule kaye, kapena mukwere phiri kupita ku Queens ku Blantyre, si kukukankhani.

Enanu mumalakwitsa mbali inayo, mumadikira. Dzino lawawa mwezi wathunthu, kenaka lasiya lokha, inu n'kumati lapola. Kawirikawiri limakhala kuti mtsempha wake wafa, ndipo mafinya akusonkhana kunsi kwa muzu. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kukamwa kukamakanika kutseguka, kapena kutupako kukatsikira pansi pa chibwano mpaka kumeza kumavuta, musadikire kuti kuche. Pezani kabaza kapena galimoto, pitani ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ku Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona, kulikonse kumene kuli pafupi. Kutupa kumeneku kumatseka njira ya mpweya ndipo kumapha. Nsagwada ikamawawa pamene mukuyenda mwandawala kapena kunyamula katundu, pamodzi ndi kuthina pachifuwa ndi thukuta, ganizirani za mtima. Chilonda cha m'kamwa chosapola pakatha milungu iwiri, makamaka kwa osuta fodya ndi omwa kachasu, chiyenera kuonedwa msanga.

Ndipo chonde, lekani kuika zinthu padzino. Ndaona nkhama zoyera mbee, zopsa ndi asipirini amene munthu anamutsamiritsa pamenepo usiku wonse. Ndaona madzi a batire, petulo, mchere wosakaniza ndi phulusa. Amene amakufukizani utsi n'kukuonetsani tinyongolotsi m'mbale akukuberani, m'dzino mulibe nyongolotsi. Makapisozi ogula pa benchi, awiri lero awiri mawa, sachiza dzino, amangozolowetsa tizilombo mankhwala. Wozula wapamsika alibe pophikira zida zake, ndipo pulayala imene yalowa m'kamwa mwa mnzanu imatha kukupatsirani matenda a chiwindi. Wogwira ntchito ya mano aliyense ayenera kukhala wolembedwa ku Medical Council of Malawi. Muli ndi ufulu wofunsa.

Dzino likakhala kuti lawoladi, kuzula si njira yokhayo. Lina timalimata, lina timachotsa mtsempha wake n'kulitseka, likhalabe m'kamwa. Likazulidwa, ganizirani za mpatawo, chifukwa oyandikana nawo amayamba kupendekera komweko ndipo ngati lozulidwalo linali lapansi, lapamwamba limatsika.

Njira imene ambiri kuno angaikwanitse ndi mano oikirira, ovula ndi kuvala. Timadikira nkhama zipole, timatenga muyeso wa m'kamwa mwanu, ndipo amapangidwa a inu nokha. Yachiwiri ndi buriji, mano omatirira amene amagwira pa mano awiri a m'mbali. Savulidwa, koma kuti akhale pamafunika kupala mano abwino aja, ndiye ine sindifulumira kuwalimbikitsa kwa wachinyamata. Yachitatu ndi implant, kachitsulo ka titanium kobzalidwa m'fupa la nsagwada, kamene kamafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti kagwirane ndi fupa. Ndi yolimba, koma ndi yodula kwambiri, imapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda, ndipo kwa wosuta fodya kapena amene shuga wake sakutsika imatha kukanika.

Ngati mwasankha oikirira, muziwavula pogona, muziwatsuka ndi kuwasunga m'madzi oyera. Akayamba kukhwepa kapena kukupekesani nkhama, bwerani nawo tiwakonze. Musawapale ndi mpeni, ndipo musawamate ndi supa gulu. Amene anachita zimenezi ndinawachotsa manowo pamodzi ndi khungu la nkhama.