Midzi ya Amaasai ndi Ahadzabe imene alendo amaimapo inabwera bwanji?

Ulendo wokaona nyama kumpoto kwa Tanzania umadzera njira imodzi: kuchoka ku Arusha, kudutsa Karatu, kukwera mapiri a Ngorongoro, n'kutsetserekera ku Serengeti. Makampani ambiri amawonjezerapo zinthu ziwiri. China ndi kuima ola limodzi pamudzi wa Amaasai wa m'mbali mwa msewu, pomwe anyamata amavina modumpha ndipo amayi amayala mikanda yogulitsa. Chinacho ndi kulawirira m'mbandakucha ku nyanja ya Eyasi kukaona Ahadzabe akusaka ndi uta ndi mivi. Mlendo amauzidwa kuti anthuwa akukhala monga ankakhalira makolo awo kalekale. Mbiri ya malowo ikunena zina.

Amaasai ankadyetsa ng'ombe zawo m'zigwa za Serengeti azungu asanadule malire alionse. Boma la atsamunda a ku Britain litasandutsa deralo malo osungirako nyama mu 1951, mkangano unabuka. Mu 1958 akuluakulu ena a Amaasai anasainitsidwa pangano losiya Serengeti, ndipo mu 1959 anthu anasamutsidwa. Powapepesa, boma linapatula dera la Ngorongoro, la masikweya kilomita pafupifupi 8,300, kuti anthu, ziweto ndi nyama zakuthengo zizikhalamo pamodzi. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Richard Turnbull, anawatsimikizira kuti zofuna za nyama zikadzawombana ndi za anthu, za anthu ndizo zidzatsogole.

Lonjezolo linayamba kudyeka pang'onopang'ono, dziko litalandira kale ufulu. M'zaka za m'ma 1970 mabanja amene ankakhala pansi m'chigwa chachikulu cha Ngorongoro anatulutsidwamo, ndipo mu 1975 kulima kunaletsedwa m'dera lonse. Mu 1992 analoledwanso kulima timinda, mu 2009 n'kuletsedwanso. Tsono taganizirani banja limene silingalime, msipu wabwino lauletsedwa, ng'ombe zikutha ndi chilala, koma pakhomo pake pakudutsa magalimoto a alendo tsiku ndi tsiku. Midzi yolandirira alendo inamera pamenepo. Gule ndi wawodi, nyumba zomata ndi ndowe zimene amayi amamanga ndi zawodi, koma mudziwo uli pamsewu chifukwa njira zina zopezera chakudya zinatsekedwa. Anthu a ku Rumphi amene makolo awo anachotsedwa ku Nyika mu 1978 nkhani yotere sangaidabwe.

Boma nalo lili ndi mfundo yake, ndipo si yopanda pake. Mu 1959 m'deramo munali anthu pafupifupi 8,000. Lero akuyandikira 100,000. Ndiye mu 2022 linayamba kusamutsira mabanja ku Msomera, m'boma la Handeni, kutali m'chigawo cha Tanga, n'kumati akupita mwa kufuna kwawo. Otsala akuti kufuna kwake n'kotani pamene sukulu ndi zipatala zawo zasiyidwa osakonzedwa. Chaka chomwecho, mu June, ku Loliondo, dera lina la Amaasai kum'mawa kwa Serengeti, boma linadula malo okwana masikweya kilomita 1,500, m'dera limene kampani yosaka nyama ya ku United Arab Emirates inkagwiramo ntchito kuyambira 1992. Kunalira mfuti, wapolisi mmodzi anafa atalasidwa muvi, anthu ambiri anathawira ku Kenya. Mu August 2024 Amaasai zikwizikwi anatseka msewu wa pakati pa Ngorongoro ndi Serengeti, magalimoto a alendo n'kuima mnzere.

Za Ahadzabe n'zosiyana, ndipo ndi kulakwa kuwaika m'thumba limodzi ndi Amaasai monga amachitira otsatsa maulendo. Iwo saweta, salima mwa chikhalidwe chawo, alibe mafumu. Alipo ongopitirira 1,000, ndipo amene amadalirabe kusaka ndi kutola zam'tchire basi ndi mazana ochepa. Chilankhulo chawo chili ndi mawu otulutsidwa mowomba lilime, ndipo akatswiri sanachipezere chibale ndi china chilichonse. Amayi amakumba mizu ndi kutola malambe ndi zipatso. Abambo amasaka ndi kufula uchi, motsogoleredwa ndi kambalame kamene kamawalondolera kuli njuchi.

Maboma onse anayesa kuwakhazika m'midzi. Atsamunda anayesa mu 1927 ndi mu 1939, zinakanika. Boma la Julius Nyerere linawatengera ku Yaeda Chini cha m'ma 1965, n'kuwamangira sukulu ndi chipatala. Matenda anapha ambiri, otsala anabwerera kutchire. Chimene chinawagonjetsa si lamulo koma kuchepa kwa malo. Abusa a mtundu wa Datoga, nawonso atapanikizidwa kwawo, analowa ndi ng'ombe. Ku Mang'ola, m'mbali mwa nyanja ya Eyasi, kunatsegulidwa madimba a anyezi. Nyama zinathawa. Mu 2007 boma la m'deralo linatsala pang'ono kupereka chigwa cha Yaeda kwa banja lachifumu la ku Abu Dhabi kuti lizisakamo, koma nkhaniyo itamveka kunja, zinalephereka.

Misasa imene alendo ambiri amafikako ndi ya ku Mang'ola, chifukwa ndiko kufupi ndi Karatu. Kumeneko msaki nthawi zambiri amabwerako ndi mbalame kapena gologolo, ndipo ndalama ya mlendo imadutsa m'manja mwa kampani, dalaivala ndi womasulira isanafike pamsasa. Yotsalayo kawirikawiri imathera ku ufa ndi kachasu, ndipo uchidakwa wafika poipa m'misasa ina.

Ku Yaeda zinayenda mwina. Mu 2011, mothandizidwa ndi bungwe la Ujamaa Community Resource Team, Ahadzabe analandira chikalata cha umwini wa malo a makolo, mahekitala pafupifupi 20,000. Aka kanali koyamba ku Tanzania kuti chikalata chotere chipatsidwe kwa gulu la anthu osaka. Pamalopo amalandira ndalama chifukwa chosunga nkhalango, zimene amalipirira alonda awo, fizi ya ana ndi mankhwala, ndipo mu 2019 ntchitoyi inapata mphoto ya Equator Prize ya bungwe la United Nations. Mlendo wofika kumeneko amalipira kumudzi, ndipo amatsata malamulo amene eni malo anaika.