Avaleji imanama: phunziro la manganizi

Ndatopa nacho chiganizo ichi: "X-ray yaonetsa kuti maatomu ali pamzere, ndiye palibe chapindika." Ayi ndithu. Diffraction, njira yoyezera kayalidwe ka maatomu ndi X-ray, imakupatsani avaleji ya maatomu osawerengeka. M'mudzi wa mabanja 10, banja limodzi likakolola matumba 40 ena onse osapata kanthu, pa avaleji palibe wogona ndi njala.

Tengani LaMnO3, chinthu chopangidwa ndi lanthanum, manganizi ndi okosijeni. Atomu iliyonse ya manganizi yazunguliridwa ndi maokosijeni 6, koma sanatalikirane nayo mofanana: awiri ali pafupifupi 2.18 Å (Å ndi muyezo wa mitunda ya pakati pa maatomu), ena 1.97 ndi 1.91. Uku ndiye kupindika kwa Jahn-Teller, ndipo magetsi sadutsamo. Chotsani lanthanum 30 pa 100 iliyonse, muikemo kashiamu, muziziritse kufika cha m'ma 250 K (pafupifupi -23 °C). Mwadzidzidzi chikudutsitsa magetsi ngati chitsulo, komanso chasanduka maginito.

Asayansi Jonker ndi van Santen anaziona izi ku kampani ya Philips, mumzinda wa Eindhoven, mu 1950, ndipo Zener anazifotokoza chaka chotsatira ndi double exchange: elekitironi imadumpha mosavuta kuchoka pa manganizi ina kupita pa ina kudzera pa okosijeni, ngati maginito a maatomuwo aloza mbali imodzi. Ambiri amaima pomwepo, ngati 1995 sinafike. Chaka chimenecho Millis, Littlewood ndi Shraiman anaonetsa kuti double exchange payokha siyikwanira. Mu 1996 Billinge ndi anzake, poyeza mitunda ya maatomu oyandikana pogwiritsa ntchito manyutironi, anapeza kuti kukafunda pamakhala kupindika kwa apa ndi apo. Chonyamula magetsi chimadzikumbira dzenje n'kutitimiramo, ngati lole pa matope a mu Febuluwale. Chimenechi ndicho polaron. Kukazizira, mayenjewo amafafanizika, msewu n'kutseguka.

Chimene chimandiwawabe ndi wophunzira wina amene anandibweretsera zotsatira zake kutatsala masabata atatu kuti apereke ntchito. Miyezi 18 yonse anadalira avaleji. Choipitsitsa, sanayezepo okosijeni m'masampulo ake, chonsecho okosijeni akangosintha pang'ono, kuchuluka kwa Mn4+ (manganizi yotaya maelekitironi 4) kumasinthanso, n'kusuntha mlingo wa kuzizira umene chinthucho chimayambira kudutsitsa magetsi. Masampulo awiri a dzina limodzi, ochokera mu ng'anjo imodzi, anali zinthu ziwiri zosiyana. Akanabwera mwezi wachitatu tikanakonza.

Musamalenso ndi ochenjera pakamwa amene amangomva mawu oti "colossal magnetoresistance" (kusintha kwakukulu kwa kadutsidwe ka magetsi chinthu chikaikidwa m'mphamvu ya maginito), amene anatchuka mu 1994, n'kuyamba kulonjeza zipangizo zodabwitsa mawa lomwe. Afunseni kuti anayeza pa kuzizira kotani, ndi maginito a mphamvu ya matesla angati. Nthawi zambiri nkhani imathera pa funso lachiwirili.