Malungo pakati pa ana a Afulani ndi Amossi ku Burkina Faso

Kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Ouagadougou kuli midzi imene Afulani, anthu oweta ng'ombe, amakhala moyandikana ndi alimi a mtundu wa Mossi. Mvula ikagwa, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala, udzudzu umaswana m'zithaphwi n'kumaluma onse osasankha. Koma malungo sawagwira mofanana.

Mu 1996, wofufuza wina dzina lake David Modiano ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza magazi a anthu m'midzi imeneyi. Tizilombo toyambitsa malungo ta Plasmodium falciparum tinkapezeka mwa Afulani ochepa poyerekeza ndi Amossi ndi Arimaibé (mtundu wina wa m'dera lomwelo), ndipo Afulani sankadwala malungo pafupipafupi. Ku Mali, poyerekeza Afulani ndi anthu a mtundu wa Adogon, zinapezekanso chimodzimodzi.

Chimene chimadabwitsa n'chakuti zinthu zobadwa nazo zomwe zimadziwika kuti zimatchinjiriza ku malungo, monga kachibadwa ka sickle cell ndi ka hemoglobin C (mtundu wina wa chinthu chimene chimafiiritsa magazi), sizipezeka kwambiri mwa Afulani. Ka hemoglobin C kachuluka mwa Amossi. Mphamvu ya Afulani ili m'chitetezo cha m'thupi. Tizilombo tikangolowa, thupi la mwana wachifulani limatulutsa asilikali ambiri msanga, ndipo maselo amene ntchito yawo ndi kuziziritsa nkhondo ya m'thupi sagwira ntchito mwamphamvu mwa iwo. Nkhondoyo imasiya zizindikiro zake: ana ambiri achifulani amatupa kapamba, ndipo ku Mali ambiri anapezeka ochepa magazi kuposa Adogon.

Apa ndiye pofunika kuchenjera. Mwana wachifulani amadwalabe malungo, ndipo akachedwa kulandira thandizo angathe kufa ngati mwana wina aliyense. Mabanja oyenda ndi ng'ombe nthawi zambiri amakhala kutali ndi chipatala, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mbiri yakuti "ndi olimba" ingachititse ana awo kuiwalika pogawa maneti ndi mankhwala.

Kwa makolo achifulani ndi achimossi omwe, zoyenera kuchita ndi zimodzi. Mwana agone mu neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, kaya ndi kumudzi kaya ndi kubusa. M'nyengo ya mvula, ana a miyezi 3 mpaka 59 amalandira mankhwala oteteza a SP ndi amodiaquine mwezi ndi mwezi, njira imene bungwe la WHO linavomereza mu 2012. Mankhwalawa amamwa masiku atatu, ndipo a tsiku lachiwiri ndi lachitatu amamwetsa ndi makolo kunyumba, choncho musawadumphe. Katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe anayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2019, anayambanso kuperekedwa ku Burkina Faso mu 2024, koma salowa m'malo mwa neti.

Mwana akatentha thupi, pitani naye akamuyeze magazi pasanathe maola 24. Ngati akukomoka, akusanza chilichonse, akukana kuyamwa, akupuma mobanika kapena zikhato zake zayera, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi pakati pa usiku.