Mkono wa loboti ya m'fakitale ungasenze katundu wolemera bwanji? Mafunso ndi mayankho

Papepala la opanga loboti alemba kuti imanyamula makilogalamu 12.5. Ndiye kuti ndingaisenzetse katundu wolemera chonchi?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Nambala imeneyi, yomwe opanga maloboti amaitcha payload, imawerengera chilichonse chomwe mwamangirira kunsonga ya mkono: chogwirira katundu, mabawuti, mapaipi a mpweya, nthambo, kamera ngati ilipo. Titenge loboti ya UR10e ya kampani ya Universal Robots ya ku Odense, m'dziko la Denmark. Payload yake ndi makilogalamu 12.5, ndipo mkono wake umafika mamilimita 1300. Ngati chogwirira ndi mapaipi ake zikulemera makilogalamu 2.5, katundu weniweniyo asapitirire makilogalamu 10.

Ndikachotsera zimenezo, basi ndamaliza?

Simunamalize. Tengani ndowa ya madzi, muigwire moyandikira thupi: mutha kuyenda nayo bwinobwino. Tsopano tambasulani mkono, ndowa yomweyo. Posakhalitsa phewa liyamba kuwawa ndipo mkono uyamba kunjenjemera. Madzi sanachuluke, chakula ndi mtunda. Mfundo za mkono wa loboti zimamvanso chimodzimodzi.

Masamu ake ndi awa: kulemera m'makilogalamu kuchulukitsa ndi 9.81, nambala ya mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, kuchulukitsanso ndi mtunda m'mamita. Katundu wa makilogalamu 10 amene pakati pa kulemera kwake pali masentimita 10 kuchokera pa flange, mbale ya kunsonga ya mkono yomangirirapo zida, amapotokola mfundo ndi mphamvu ya pafupifupi 9.8 Nm (newton-mita, muyeso wa mphamvu yopotokola). Katundu yemweyo akakhala pa masentimita 30, mphamvuyo imafika pafupifupi 29 Nm, kuwirikiza katatu. N'chifukwa chake m'buku la loboti mumakhala chojambula chosonyeza momwe payload imatsikira katundu akamatalikira flange. Ine ndimati chojambula chimenechi n'chofunika kuposa nambala yaikulu ija ya pamalonda, ndipo musagule loboti musanachione.

Nanga liwiro lili ndi gawo?

Lalikulu ndithu. Mkono ukanyamuka kapena kuima mwadzidzidzi, katundu amafuna kupitirira ulendo wake, ndipo magiya ndi mabuleki ndi amene amalandira nkhonya. Chitsulo chachitali kapena bolodi lotambalala chimavuta kuzungulitsa kuposa chinthu chobulungira cholemera mofanana. Chogwirira chokoka ndi mpweya nacho chitha kutaya katundu pokhota mothamanga ngakhale chinamugwira bwino loboti itaima.

Loboti imadziwa yokha zomwe yanyamula?

Muyenera kuiuza. Mumalemba kulemera kwa katundu ndi pomwe pali pakati pa kulemerako mu kompyuta yake. Makampani ena ali ndi mapulogalamu othandiza: ABB ili ndi LoadIdentify, KUKA ili ndi KUKA.Load. Mukalemba nambala zolakwika, loboti imaimaima popanda chifukwa, kapenanso imachedwa kuzindikira kuti yagunda chinthu. Chinthucho chikhoza kukhala munthu.

Kupyola malire pang'ono chabe, kuli vuto?

Loboti mwina inyamuladi lero ndi mawa, koma magiya amatha msanga, mamota amatentha, ndipo mkono umayamba kuphonya pomwe uyenera kuika katundu. Siyani mpata pansi pa malirewo.

Pali lamulo lomwe limayang'anira zimenezi?

Muyezo wa padziko lonse wa chitetezo cha maloboti a m'mafakitale ndi ISO 10218. Umafuna kuti amene akukhazikitsa loboti aunike zoopsa zonse ntchito isanayambe, kuphatikizapo chomwe chingachitike kwa katundu ali m'mwamba magetsi kapena mpweya zikathima mwadzidzidzi.