Mavuto si umboni wakuti Mulungu sanakuitaneni

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti munthu amene Mulungu wamuitanadi sakumana ndi zokhoma, ndipo zinthu zikayamba kuvuta ndiye kuti anadziitana yekha kapena akubisa tchimo. Mawuwa afika potopetsa, chifukwa Baibulo silinena choncho.

Tsegulani 2 Akorinto 11:24-25. Mtumwi Paulo, amene analemba kalatayi, anakwapulidwa zikoti 39 maulendo 5, anamenyedwa ndi ndodo katatu, anaponyedwa miyala kamodzi, ndipo chombo chinamswekera katatu. Zonsezi zinamugwera ali pa ntchito imene anatumidwa. Pa Yeremiya 38:6 mneneri anaponyedwa m'chitsime chopanda madzi, n'kutitimira m'matope, chifukwa chonena zimene Mulungu anamuuza.

Cholakwika chimabwera anthu akatola vesi imodzi n'kusiya nkhani yonse. Yeremiya 29:11, ija yonena za malingaliro a mtendere, ambiri amaikonda. Koma bwererani vesi imodzi yokha: vesi 10 ikuti Ayuda amene ankauzidwa mawuwa ayamba akhala ku Babulo zaka 70. Zaka zimenezo ndi pafupifupi moyo wonse wa munthu.

N'zoona kuti mavuto ena timadzipalira tokha, ndipo 1 Petro 4:15-16 imasiyanitsa kuvutika chifukwa chakuba ndi kuvutika chifukwa chokhala Mkhristu.

Mukamva chiphunzitso chonga chija chakuti woitanidwa sakumana ndi zokhoma, funsani buku, chaputala ndi vesi. Werengani chaputala chonse, muone amene akulankhula, amene akuuzidwa, ndi zomwe zinkachitika pa nthawiyo. Muyerekezenso ndi Baibulo lomasuliridwa mwina. Uthenga umene simunaufufuze musautumize kwa anzanu pa foni, mungagwetse mphwayi wina amene akupirira pa utumiki wake.