X-ray ya patebulo, ndi pomwe terahertz ikulowera

European XFEL, makina aakulu otulutsa X-ray yamphamvu a ku Hamburg ku Germany, ndi yotalika makilomita 3.4, inatsegulidwa mu 2017, ndipo asayansi amachita kulimbirana kuti apezeko timasiku tochepa. Nchifukwa chake ife a fizikisi ya laser timafuna X-ray yochokera pa makina okwana m'chipinda chimodzi basi.

Njira ilipo kale, dzina lake high-harmonic generation, inaoneka koyamba mu 1987 ndi 1988, ndipo Anne L'Huillier amene analandira Nobel mu 2023 anali m'gulu la ku Saclay ku France lomwe linaiona. Umawomba laser yamphamvu mu gasi, tinene argon kaya neon, laser ija imazula elekitironi pa atomu nkuikankhira kutali, kenako funde la laser likatembenuka imaibweza nkuimenyetsa pa atomu yomwe ija, phaa, apo mpomwe pamatuluka kuwala kwa mphamvu zambiri. Paul Corkum anazilongosola mu 1993.

Koma mphamvuyo ili ndi polekezera. Ukatalikitsa mafunde a laser polekezerapo pamasunthira kutsogolo, mu 2012 gulu la Margaret Murnane ndi Henry Kapteyn linapyola 1.6 keV (eV ndi muyezo wa mphamvu ya kuwala, keV imodzi ndi ma eV 1,000) mu helium ndi laser ya mafunde otalika 3.9 micron (micron ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a mita), koma kuwala kwake kumachepa koopsa.

Nde terahertz (THz), mafunde a kuwala kosaoneka ndi maso otalika kwambiri kuposa a laser ija, ikulowera apa: umaiwomba pamodzi ndi laser mu gasi muja. Funde la 1 THz limatenga picosecond imodzi (gawo limodzi mwa magawo thiriliyoni a sekondi) kuti lizungulire kamodzi, pomwe la laser ya 800 nm (0.8 micron) limatha mu 2.7 femtosecond (picosecond imodzi ndi ma femtosecond 1,000), ndiye kwa elekitironi ija terahertz imakhala ngati mphepo yowomba mbali imodzi osasintha pamene mpira uli m'malere. Ma elekitironi ena amabwerera ndi liwiro loposa kale, malire aja amakwera, komanso theka limodzi la funde la laser limaposa linzake moti kupeza kung'anima kumodzi kokha kwa attosecond (femtosecond imodzi ndi ma attosecond 1,000) kumaphweka.

Ine ndimaikhulupirira njirayi, koma tisanamizane, zambiri mwa izi zidakali zowerengetsera pa kompyuta. Kuti malire asunthe mooneka pamafunika terahertz yamphamvu kwabasi, mamiliyoni makumi angapo a ma volt pa sentimita, ndipo kuipanga nkuikumanitsa ndi laser pa kadontho kamodzi ka gasi nthawi imodzimodzi si masewera.

Musaganize za X-ray ya kuchipatala yojambula mafupa ayi, iyi ndi yofewa. Chomwe tikusaka ndi pakati pa 284 ndi 543 eV, pomwe kuwala kumadutsa m'madzi koma kaboni amakumeza, moti selo ya chamoyo umaiona ili m'madzi mwake osaiumitsa kapena kuipaka utoto.