Kuteteza mdima sikutanthauza kuzimitsa magetsi onse

Anthu ambiri akamva zoteteza mdima wa usiku m'mapaki a zachilengedwe amaganiza kuti alendo aziyenda mofufuza ngati akhungu. Ayi ndithu. Vuto si nyali, koma kumene kuwala kwake kukulowera.

Taonani babu lopanda chophimba pamwamba pa mtengo wa magetsi. Kuwala kwina kumafika pansi, pamene pakufunikira. Kwina kumathawira m'mbali ndi kumwamba, n'kukamwazika mu fumbi ndi chinyezi cha mumlengalenga, thambo lonse n'kuyera mbee. Kuyera kumeneku kumayenda mtunda wautali: anthu amene ali ku Death Valley, paki ya m'chipululu ku America, amaona kuwala kwa mzinda wa Las Vegas usiku. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko sangaonenso Mlalang'amba ali kwawo.

Nyama ndiye zimavutika zedi. Mbalame zosamuka usiku zimasochera, ndipo tiana ta akamba a m'nyanja tikaswedwa timalondola magetsi a kumtunda m'malo molowera kumadzi.

Nanga chitetezo? Apa mpamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti nyali ikawala kwambiri ndiye kuti malowo ndi otetezeka. Nyali yothobwa m'maso imachititsa kuti pambali pake pade bii, ndipo diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowerenso mdima.

Ku Natural Bridges m'chigawo cha Utah ku America, paki yoyamba kuvomerezedwa ngati malo oteteza mdima ndi bungwe la International Dark-Sky Association mu 2007, magetsi sanawachotse. Anaika nyali zophimbidwa pamwamba, zoloza pansi, zosawala mopyola muyeso, ndipo msewu ndi khomo zimaonekabe bwinobwino.